Kukonzekera mayeso a Life in the UK, zomwe ndadutsamo kuno ku Glasgow

Amene mwatsala pang'ono kukwanitsa zaka zanu kuno ku UK ndipo mukuganiza za ILR (chilolezo chokhala kuno mopanda malire a nthawi) kapena pasipoti ya kuno, nkhani iyi ndalembera inu. Funso limangobwera lomwelomwelo pakati pathu, lero afunsa awa mawa afunsa awo, asisi kodi mayeso aja ndi ovuta? Nde mayankho ake amakhala awiri basi, ena amati aaa zophweka izo ingoikani apu pafoni muzidinadina muli pa basi, ena amati musavutike olo azungu eni ake sangakhoze. Ine ndalemba, ndakhoza, ndipo ndikuuzeni kuti mayesowa ndi otheka ndithu kwa aliyense amene anakhalapo pa desiki ya MANEB, koma amafuna munthu ukhale pansi uwerenge buku la mayesowa, osati kudalira zoti wakhalitsa kuno ndipo Chingerezi umachitha.

Mafunso ndi 24, nthawi ndi mphindi 45, kuti ukhoze uyenera kupeza 18, kutanthauza 75%. Umalembera pa kompyuta, mayankho amakhala alipo kale iwe kwako n'kusankha, pena funso limafuna mayankho awiri, pena limangofunsa kuti zoona kapena zabodza. Mtengo ndi £50, ukalakwa umalipiranso £50 ina yonse kuti ubwereze, palibe zochotserako. Olemba ndi a zaka zoyambira 18 mpaka 64, amene anafika 65 salemba, chimodzimodzi amene ali ndi matenda okhalitsa koma apo pamafunika fomu yosainidwa ndi dokotala. Mayesowa anayamba mu November 2005 kwa ofuna unzika, kenaka mu April 2007 anawonjezera kuti ofuna ILR nawonso azilemba. Ubwino wake umakhoza kamodzi basi, ukakhoza pofunsira ILR sudzalembanso pofunsira unzika.

Ine ndimagwira ntchito ku nyumba yosamalira okalamba, kawirikawiri shifiti ya usiku. Kuli agogo ena aakazi kumeneko, anabadwira konkuno m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, mutu ukadali bwinobwino ndi miyendo yokha imene inatopa, nde sagona msanga. Ndikawapangira tiyi cha m'ma 11 ndinkakhala nawo pang'ono, timapepala tanga tili m'thumba la yunifolomu. Usiku wina anandifunsa kuti kodi mukuwerenga chani mwana wanga, nditawafotokozera anati tandifunsani ineyo. Za nkhondo ya ku Bannockburn anayankha ndisanamalize n'komwe funso, 1314, Robert the Bruce, nkhope yonse kuwala. Za mabomba amene ndege za Germany zinaponya ku Clydebank mu March 1941 anandifotokozera mpaka tiyi kuzizira, mmene mayi awo anawakokera pansi pa masitepe atawakulunga m'bulangete, mmene m'mawa mwake msewu wonse unali magalasi okhaokha. Koma nditawafunsa kuti nyumba ya malamulo ya ku Edinburgh ili ndi aphungu angati anangoti kakasi, yankho ndi 129. Nditawafunsa za munthu amene anatsegula malo odyera zakudya za chimwenye ku London mu 1810, anati dzina loti Sake Dean Mahomet akulimva koyamba. Awa ndi munthu wa zaka zoposa 90 pa dothi lawo lomwe, mbiri ina anaiona ndi maso. Tsono ife amene tatsika ndege dzana tisamadzinamize kuti poti timalipira council tax ndipo timadziwa basi yopita kutawuni ndiye kuti tadziwa zonse. Mafunso amachokera m'buku, onse.

Bukulo dzina lake ndi Life in the United Kingdom: A Guide for New Residents, limene likugwira ntchito ndi la 3rd edition lomwe linayamba mu 2013, lili ndi machaputala 5. Chenjerani ndi mabuku opatsana aja, loti linachoka kwa achemwali a ku Leeds kupita kwa alamu a ku Luton kenaka kudzafika kwa inu chikuto chitathothoka, chifukwa osindikizidwa kale amanenabe kuti UK ili mu EU ndipo pampando pali Mfumukazi Elizabeth II, pomwe iwo anamwalira mu September 2022 pano ndi Charles III. Gulani latsopano kapena kabwerekeni ku laibulale, khadi ya laibulale ndi yaulere.

Za ma apu sindikuti ndi oipa ayi, ine ndinagwiritsa ntchito ndithu, koma nthawi yake ndi pamene wamaliza chaputala ndipo ukufuna kudziyesa. Kuloweza mayankho a pa apu usanatsegule buku kuli ngati kutungira madzi m'dengu. Umazolowera kaonekedwe ka funso, kuti likayamba chonchi yankho ndi lachitatu, nde tsiku la mayeso funso lomwelo alitembenuza, m'malo mofunsa chaka akufunsa munthu, m'malo mofunsa munthu akufunsa malo, iwe mtima phaphapha. Komanso ma apu ambiri amangopangidwa ndi anthu wamba ofuna ndalama za malonda, mafunso enieni a mayeso safalitsidwa, ndiye wina akakuuzani kuti ali ndi likasa la mafunso enieni mumpatse kangachepe, mkaneni. Kubera pa mayeso amenewa kumakutsata mpaka pa fomu ya unzika pomwe amayang'ana khalidwe lako, zaka zonse zija wavutika n'kupita pachabe chifukwa cha £50.

Chaputala chachitatu, cha mbiri ya dziko, ndi pomwe pagona nkhani. Ndi chachitali kuposa onse ndipo chimayambira kalekale anthu akusaka ndi miyala, Stonehenge, Skara Brae ku Orkney, Aroma kubwera mu 43 AD nthawi ya Claudius, khoma la Hadrian, Aroma kuchoka mu 410, ma Anglo-Saxon, ma Viking, mpaka kudzafika masiku ano. Poyamba ndinkangoona mayina a mafumu akubwerezabwereza, Henry uyu Henry uyo, Edward, Charles, James amene ku Scotland ndi wa nambala 6 koma ku England ndi woyamba, mutu kuzungulira. Chinandithandiza ndi katoni. Ndinang'amba katoni yaikulu ya mu shopu, ndikuimata pakhoma la kukhitchini pamwamba pa rediyeta, ndikujambula mzere umodzi ndi maka kuchoka kumanzere mpaka kumanja, nde chilichonse chimene ndawerenga tsiku limenelo ndinkachilemba pamalo pake. 1066 Hastings, William wa ku Normandy kugonjetsa Harold. 1215 Magna Carta, mfumu John kukakamizidwa kuvomera kuti nayonso ili pansi pa lamulo. 1348 mliri wa Black Death. 1485 Bosworth, kuyamba kwa banja la Tudor. 1588 zombo za nkhondo za Spain kugonja. 1649 Charles I kudulidwa mutu, 1660 ufumu kubwerera, 1665 mliri ku London, 1666 moto waukulu, 1689 Bill of Rights, 1707 England ndi Scotland kulowa m'nyumba ya malamulo imodzi. Ndikamavundula nsima maso ali pakhoma, ana akamadya ndimawapatsa buku azindifunsa, wamkuluyo anafika pomandikonza katchulidwe ka mayina.

Ukaziyala chonchi umayamba kuona kuti si zaka zongomwazika ayi, ndi nkhani imodzi yoyenda, mphamvu zikuchoka pang'onopang'ono m'manja mwa mfumu kupita ku nyumba ya malamulo, kenaka kwa anthu wamba, amuna a chuma kaye, kenaka amuna ena, amayi a zaka zoposa 30 mu 1918, amayi kufanana ndi amuna pa zaka 21 mu 1928, zaka zovotera kutsika kufika 18 mu 1969. Ukamvetsa mmene nkhaniyo ikuyendera, olo uiwale chaka chenicheni umatha kuona kuti pa mayankho anayi aja awiri sangakhale n'komwe.

China chimene ife Amalawi tili nacho kale koma sitidziwa kuti n'chothandiza ndi tchalitchi. Nkhani ya Henry VIII ndi akazi ake 6 anthu amailoweza ngati nyimbo, Catherine of Aragon, Anne Boleyn, Jane Seymour, Anne of Cleves, Catherine Howard, Catherine Parr, awiri anawasiya ukwati, awiri anawadula mitu, mmodzi anamwalira atangobereka, womaliza ndi amene anatsala mfumu itafa. Koma chimene amafuna udziwe n'choti Papa atakana kuthetsa ukwati woyamba uja Henry anachotsa England m'manja mwa Roma ndikuyambitsa Church of England, mpingo womwewo umene kwathu timati Anglican, wa tchalitchi chachikulu cha St Peter's pa Likoma. Ku Scotland zinayenda mwina, mu 1560 nyumba ya malamulo ya kuno inakana ulamuliro wa Papa ndipo patapita nthawi mpingo wake unadzakhala wa chi Presbyterian, wopanda mabishopu, woyendetsedwa ndi abusa ndi akulu a mpingo. Ine wokulira mu CCAP nditawerenga pamenepo ndinati aaa si zathu zomwe izi, Livingstonia 1875, Blantyre Mission 1876, onsewo anachokera konkuno. Funso loti mpingo wa dziko la Scotland ndi wotani, kapena loti mtsogoleri wauzimu wa Church of England ndi Archbishop of Canterbury, silinandivutenso.

Pomwe anthu ambiri amagwa ndi pa kusiyana kwa zigawo zinayi za UK, makamaka anzathu okhala ku England amene amaona ngati UK yonse ndi England. Oyera mtima ndi masiku awo, St David wa Wales 1 March, St Patrick wa Northern Ireland 17 March, St George wa England 23 April, St Andrew wa Scotland 30 November, ingowaikani motsatana ndi kalendala simudzasokoneza. Maluwa ake daffodil, shamrock, rose ndi thistle. Mbendera ya UK, yotchedwa Union, ili ndi mitanda itatu, Wales mulibe chifukwa inali italumikizidwa kale ndi England pamene mbendera yoyamba inkapangidwa mu 1606. Great Britain ndi England, Scotland ndi Wales basi, ukawonjezera Northern Ireland ndi pamene ikukhala UK, ndipo Isle of Man ndi Channel Islands sizili mu UK olo zili pafupi. Makhothi nawo ndi osiyana, ku England milandu ing'onoing'ono imapita ku Magistrates' Court, kuno ku Scotland ndi Justice of the Peace Court, ikuluikulu uko ndi Crown Court kuno ndi Sheriff Court kapena High Court, anthu a jury, anthu wamba osankhidwa kugamula mlandu, uko amakhala 12 kuno 15. Izi palibe nzeru ina, n'kulemba pa kapepala ndikumabwereza mpaka zikhazikike.

Tsono pali china chimene sindinachiyembekezere, ndipo n'chimene chandipangitsa kuti ndilembe zonsezi m'malo mongotumiza linki ya gov.uk, tsamba la boma. Ukamawerenga za Empire, ulamuliro wa Britain pa mayiko ena, iwe uli mwana wa ku Nyasaland, buku lija limayamba kulemera m'manja. Dzina la Malawi ine ndinalipeza pa mndandanda wa mayiko a Commonwealth, pakati pa Lesotho ndi Malaysia. Za kutha kwa Empire limafotokoza mwachidule kuti mbali yaikulu zinayenda mwadongosolo, mayiko akupatsidwa ufulu wawo. Ine ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Kwathu pa 3 March timakumbukira chani? Timakumbukira 1959, boma la atsamunda litalengeza State of Emergency, anthu akuomberedwa pa doko la Nkhata Bay, Kamuzu akutengedwa kupita ku ndende ya Gwelo, anthu mazanamazana akutsekeredwa chifukwa chokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene anatikakamiza mu 1953. Ngakhale woweruza wa konkuno, Patrick Devlin, amene boma la Britain lomwe linamutuma kukafufuza, lipoti lake linanena kuti Nyasaland panthawiyo inali dziko lolamulidwa ndi apolisi. Ufulu wa pa 6 July 1964 sunabwere mwakachetechete choncho. Ndipo tisanafike kumeneko pali John Chilembwe, January 1915, pali thangata, pali amtengatenga amene ankasenza katundu wa nkhondo yoyamba ija n'kumafera m'njira, pali asilikali a King's African Rifles amene chipilala chawo chili pa Zomba, agogo anga aamuna anali mmodzi mwa amene anatengedwa kupita ku Burma pa nkhondo yachiwiri ndipo mendulo zawo zinkakhala m'kachitini ka masikono pansi pa bedi. M'buku Africa amangoitchula podutsa, kuti amuna a kumeneko nawonso anamenya nawo nkhondo.

Si ine ndekha amene ndinaona zimenezi. Mu July 2020 akatswiri a mbiri pafupifupi 180 a m'mayunivesite analemba kalata yapoyera kudandaula kuti bukuli silifotokoza bwino za ukapolo ndi za kutha kwa Empire, makamaka kuti limaiwala mbali imene akapolo eni ake ndi anthu a m'mayiko olamulidwa anachita pomenyera ufulu wawo. Bukuli limatchula 1807 pomwe analetsa malonda a akapolo pa zombo za Britain, 1833 pomwe anathetsa ukapolo mu Empire, limatchula William Wilberforce, zonsezo ndi zoona ndipo muziloweze chifukwa zimabwera. Kungoti nkhaniyo ndi yokambidwa ndi mbali imodzi.

Nde munthu upange bwanji? Ine ndinasankha kuti pa mayeso ndiyankha zimene buku likunena, chifukwa kompyuta ija sungatsutsane nayo, koma pa katoni yanga ija ndinajambula mzere wachiwiri pansi pake ndi maka yofiira. Pansi pa nthawi ya Mfumukazi Victoria ndinalemba 1859 Livingstone kufika pa nyanja, 1891 dziko lathu kulowa m'manja mwa Britain. Pansi pa nkhondo yoyamba, Chilembwe. Pansi pa 1948 pomwe Aneurin Bevan ankayambitsa NHS, zipatala za boma za kuno, ndinalemba kuti nthawi imeneyo Kamuzu anali dokotala ku London. Ana anga amaphunzira sukulu za kuno, za Romans ndi Vikings amazidziwa kuposa ine, koma za Nkhata Bay anazimva koyamba pa khoma la kukhitchini limenelo. Loweruka lina tinakwera sitima kupita ku Blantyre ya kuno, pafupi pomwepa ndi Glasgow, kukaona nyumba imene David Livingstone anabadwiramo mu 1813, kachipinda kamodzi banja lonse, pafupi ndi fakitale ya thonje imene anayamba kugwiramo ntchito ali ndi zaka 10. Wamng'onoyo anadabwa kuti Blantyre ya kwa anakubala awo ndi yaikulu kutalitali kuposa iyi imene inapereka dzina. Ndinawaonetsanso zithunzi za chiboliboli cha Chilembwe atavala chipewa, chimene Samson Kambalu anapanga ndipo chinaikidwa pa Trafalgar Square mu September 2022, pabwalo lomwelo la Nelson amene m'buku timaloweza kuti anafa pa nkhondo ya Trafalgar mu 1805. Chodabwitsa n'choti mzere wofiira uja unandithandizanso kukumbukira zaka za mzere wakuda, chifukwa tsopano chaka chilichonse chinali ndi pokolowekapo.

Chaputala chomaliza, cha boma ndi malamulo, musachithamangire poti mwatopa. Ndi chimene chili ndi phindu olo mayeso atapita. Ndi mmenemo muli zoti wapolisi akakumanga ayenera kukuuza chifukwa chake ndipo uli ndi ufulu wopeza loya, zoti ukhoza kukadandaula za apolisi, zoti nkhanza za m'banja ndi mlandu waukulu kaya wochita ndi mwamuna kaya mkazi, ndipo mwamuna wokakamiza mkazi wake kugona naye akhoza kuimbidwa mlandu wogwiririra. Izi asisi anga tiziwerenga mofatsa, alipo anzathu akuvutika m'nyumba chamumtima poopa kuti viza yawo ili pa dzina la abambo. Mulinso za misonkho, National Insurance, laisensi ya galimoto, komanso za kuvota. Ambiri sitidziwa kuti ife poti Malawi ili mu Commonwealth, ukakhala kuno movomerezeka ukhoza kulembetsa ndi kuvota ngakhale pa chisankho cha aphungu 650 a ku Westminster usanakhale n'komwe nzika. Anzathu a ku Zambia chimodzimodzi.

Kupatula mayeso amenewa pali za Chingerezi. Malawi sili pa mndandanda wa mayiko amene anthu ake safunsidwa umboni wa chiyankhulo, pali Jamaica, Barbados, Australia, Canada, USA ndi ena, ife ayi, olo tinaphunzira m'Chingerezi kuyambira ku pulayimale. Zinandiwawa koma lamulo lake lili choncho. Pamafunika mlingo wa B1 wa kulankhula ndi kumva kuchokera ku mabungwe ovomerezeka okha, ine ndinachita ya bungwe la Trinity ya mphindi 10, mumangocheza ndi woyesayo pa mutu umene wasankha wekha. Amene muli ndi digiri ya ku Chancellor kapena Poly yophunzitsidwa m'Chingerezi mukhoza kuitumiza ku Ecctis, bungwe lounika maphunziro a kunja, kuti aitsimikize, imalowa m'malo mwa mayesowo. Amene munapereka kale umboni wa Chingerezi pofunsira viza yang'anani kaye ngati ukugwirabe ntchito musanalipire kawiri.

Kubukitsa kwake ndi pa gov.uk pokha basi, masamba ena amene amabwera pamwamba ukasaka pa Google amangokudyera ndalama zoonjezera. Umayenera kubukitsa kusanatsale masiku ochepera 3, malo olembera alipo oposa 30 m'dziko lonse. Apa mverani bwino, dzina limene mwalemba pobukitsa lifanane ndendende ndi limene lili pa chiphaso chimene mudzapite nacho, ndi dzina lapakati lomwe. Ife amayi timakhala ndi mayina awiri, la kwa bambo athu pa pasipoti, la kwa amuna athu ku tchalitchi ndi ku ntchito, nde chala chimangothamangira lomwe tinazolowera. Mayi wina wa m'gulu lathu lokonzekera mayeso anabwezedwa pakhomo pa chifukwa chimenechi, anali atasinthitsa shifiti, atalipira wosunga ana, £50 osabwezedwa.

Tsiku lake fikani msanga. Ana kapena operekeza salowa. Amaona chiphaso, amakujambula chithunzi, foni, wotchi, chikwama zonse mu loka, kwa ine anandipempha kuti ndipinde manja a juzi ndi kuonetsa m'makutu, nde amene mumavala duku kapena wigi yophimba makutu dziwiranitu kuti adzafuna kuona, si chipongwe amachita kwa aliyense. Asanayambe kuwerenga nthawi pamakhala timafunso toyeserera kuti uzolowere kompyuta. Mphindi 45 ndi zambiri zedi, ambiri amatuluka zisanathe 15, koma inu musatengeke ndi amene akudzuka, werengani funso lililonse kawiri makamaka aja ofuna mayankho awiri, ndipo limene mwakayika liikeni chizindikiro mudzabwererenso. Zotsatira zimatuluka tsiku lomwelo, umapatsidwa nambala imene udzalembe pa fomu, isungeni pabwino, ijambuleni, itumizeninso ku imelo yanu.

Kunena zoona mayeso ndi kachigawo kotchipa pa ulendo wonsewu. Mu 2025 ILR inali £3,029 munthu mmodzi, unzika £1,605 ndi £130 ina yapadera ya mwambo wolumbira, ndipo mitengoyi imakwera pafupipafupi. Banja la anthu anayi muwerengere nokha, uku kumudzi akudikira ya feteleza ndi fizi. Ife tinachita kulowa chipereganyu ndi mabanja ena kuti zitheke, wina akatenga mwezi uno amalipira fomu yake, mwezi wamawa wina. Ndiye pali nkhani ya masiku. Pofunsira unzika uyenera kukhala utakhala kuno zaka 5, ILR utakhala nayo miyezi 12, pokhapokha ngati uli pabanja ndi nzika ya kuno apo ndi zaka 3 ndipo sudikira miyezi 12 ija. M'zaka 5 zimenezo usakhale kunja kwa UK masiku oposa 450, m'miyezi 12 yomaliza asapose 90, komanso tsiku limene fomu yako ikulandiridwa, ukabwerera m'mbuyo zaka 5 ndendende, uyenera kuti unali muno. Kwa ife zimenezi si masamu chabe. Maliro sapangana, mayi akadwala ku Queens sungawerenge masiku, umangokwera ndege. Ndiye tsegulani pasipoti, onani zidindo za pa Chileka ndi KIA, fufuzani matikiti akale mu imelo, lembani maulendo onse m'kope limodzi kuyambira lero, fomu idzafuna tsiku lotuluka ndi lobwera la ulendo uliwonse.

Ena amafunsa kuti nanga ukakhala ndi ILR unzika ndi wachani. ILR imatha ukakhala kunja kwa UK zaka zoposa 2 zotsatizana, nde amene tikuganiza zodzapita kukasamala makolo kapena kukayang'anira kamunda kwa kanthawi, unzika ndi umene umatsegula njira yobwerera. Kale machona ambiri ankaima pa ILR zaka ndi zaka chifukwa lamulo la kwathu la 1966 silinkalola munthu wamkulu kukhala nzika ya mayiko awiri, ukatenga ya kuno ya kwanu yapita, umakafika pa Chileka ngati mlendo pa dziko limene mchombo wako unakwiriridwa. Nyumba ya malamulo ku Lilongwe inasintha lamuloli mu December 2018, pano Mmalawi wobadwa nawo unzika akhoza kukhala ndi ziwiri, koma pali mafomu ake a ku Immigration, funsani ku ofesi ya kazembe wathu ku London musangoganiza kuti zimachitika zokha. Pakanapanda kusintha kumeneku ine sindikanayamba n'komwe.

Mwambo wolumbira sindinafikepo, ndikudikira miyezi 12 yanga ikwane. Umachitikira ku khansolo ya kwanuko, umalumbira kapena kulonjeza kuti udzakhala wokhulupirika kwa Mfumu Charles III ndi olowa m'malo mwake, ndi kuti udzalemekeza ufulu ndi malamulo a dziko lino, kenaka amakupatsa satifiketi imene umakafunsira pasipoti. Mawu amenewo ndawawerenga kale kangapo ndipo sindikuwatenga mopepuka. Agogo anga anavala yunifolomu ya mfumu ya kuno popanda wowafunsa maganizo, ine ndidzaimirira ndekha mwa kufuna kwanga, chifukwa ana anga akukulira kuno, chifukwa manja angawa asambitsa ndi kudyetsa okalamba a dziko lino usiku ndi usiku, ndipo ndikufuna ndikhale ndi mawu pa mmene likuyendera. Bambo a kunyumba amati iwo adzasankha kulumbira pa dzina la Mulungu, ine ndikuganizabe.

Mu May 2025 boma linatulutsa chikalata cha mapulani ake pa nkhani za olowa m'dziko, mmenemo muli zokweza zaka zodikira ILR kuchoka pa 5 kufika 10 kwa anthu ambiri, kukweza mlingo wa Chingerezi kuchoka pa B1 kufika B2, komanso kukonzanso mayeso a Life in the UK omwewa. Anzanga amene munabwera pa viza ya care kuyambira 2022 nkhani imeneyi ikukukhudzani kwambiri, muziona pa gov.uk nokha musanalipire kalikonse, osati kudalira ma voice note. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, palibe lamulo loti udikire zaka zikwane kaye kuti ulembe, nde ngati buku muli nalo ndipo £50 yapezeka lembani pano pomwe buku lake tikulidziwa.

Ife a gulu lokonzekera mayeso timakumana Loweruka masana mu holo ya tchalitchi tikamaliza za mvano, sabata ino tili pa makhothi ndi apolisi, sabata ya mawa tibwereza za Tudor ndi Stuart chifukwa ambiri apempha. Bwerani ndi buku lanu ndi cholembera, ana mubwere nawo kuli chipinda chosewerera, ndipo amene muli pa shifiti tiuzeni tikujambulireni katoni ija tikutumizireni.